Thumba la mbatata lili ndi msewu, mwana wa ku Lifidzi alibe njira

Bwana, inu amene mumasaina mapepala a misewu ndi a masukulu m'boma lino la Angonia, tsiku limodzi mudzasiye galimoto lanu pabwalo la tchalitchi cha ku Lifidzi. Mudzavule nsapato zanu zopolisha zija. Mudzatsatire mwana wa zaka 7 kuchokera pakhomo pa amake mpaka pakhomo la kalasi.

Mudzabwere mu Febuluwale, mvula ili pachimake, pakuti ndi pamene chaka cha sukulu chimakhala chitangoyamba kumene. Mudzamuona akutuluka kusanayere bwino, makope atawakulunga mu jumbo, udzu wa m'njira ukumunyowetsa mpaka m'chiuno. Akafika padambo amakwinya siketi, n'kumaponda pamene waponda mnzake wamkulu. Akafika pamtsinje amaima. Amayang'ana madzi, amayang'ana mtengo umene anthu a m'mudzi anagoneka kuti ukhale ulalo, n'kuyesa ndi maso ngati lero n'kowoloka kapena n'kobwerera.

Mwana wa zaka 7 akuweruza yekha mlandu wa moyo wake m'mawa uliwonse. Mlandu umenewu munayenera kuuweruza ndinu, mu ofesi mwanu, ndalama za chaka zisanagawidwe.

Ndikulankhula ndi inu. Aphunzitsi ndawasiya, pakuti ambiri a iwo amaponda matope omwewo. Makolo ndawasiya, pakuti nthawi imeneyo amakhala ali m'munda kupalira chimanga chimene mudzadye inu ku Tete ndi ku Maputo. Mlandu uli pa inu amene mumajambula mizere pamapu n'kunena kuti apa padutsa msewu, apa pamangidwa mlatho, apa pakhala sukulu ya sekondale.

Mundimve bwino. Sindikudandaula kuti ana athu amayenda okha. Mwana wa kuno amayenda yekha kuyambira kalekale, ndipo ndi mmene amakulira. Amapita kuchigayo, amapita kumjigo, amakadyetsa ng'ombe kudambo, amatumidwa kukagula mchere. Akamafika zaka 10 amakhala akudziwa njira zonse zachidule, akudziwa khomo limene kuli galu wolusa, akudziwa agogo amene angamumwetse madzi. Mwana wa m'tauni amene amanyamulidwa pagalimoto kuchoka pageti la kwawo kukatsika pageti la sukulu sadziwa zimenezi, ndipo ine ndimamumvera chisoni. Ufulu woyenda yekha ndi chuma chimene mwana wa m'mudzi ali nacho ngakhale kwawo kulibe kanthu.

Chimene chikundipweteka n'chakuti chuma chimenechi mukuchisandutsa msampha.

Tiyambe ndi msewu. Angonia ndi nkhokwe, ndipo mawu amenewa mumawakonda pamisonkhano. Kuno kumachokera mbatata ya kachewere, chimanga, nyemba, soya ndi fodya. Ndiye chifukwa chake misewu yathu imakumbukiridwa. Msewu wa N304 wochokera ku Mussacama kudutsa ku Ulongwe kukafika kumalire a Calomue ndi Dedza umanyamula malole usana ndi usiku. Mu 2013 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 100 miliyoni a ntchito yotukula madera a ulimi ndi malonda, ndipo mwa misewu imene inaikidwa m'ntchito imeneyo munali R604, wa Ulongwe, Domwe mpaka Furancungo, ndi R605 wa ku Tsangano. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chomveka: mlimi afike pamsika, katundu atuluke.

Palibe mlimi amene angakane zimenezo. Koma ndikufunseni: msewu ukasalala, amayamba kuthamanga ndani? Lole yodzaza matumba. Minibasi ya chapa imene dalaivala wake akulimbirana makasitomala ndi mnzake. Mota, njinga yamoto, ya mnyamata amene anaphunzira kuyendetsa dzana pabwalo la mpira, wanyamula anthu atatu ndi thumba la feteleza. Nanga mwana uja wa jumbo ya makope mwamuika pati? Msewu mwaukuza pakati, m'mbali mwakumba ngalande. Lole ikamabwera, iye adumphire kuti?

M'miyezi ya Juni ndi Julayi chifunga chimaphimba zitunda zathu m'mawa, dalaivala saona patali. Mu Seputembala ndi Okutobala, pamene pali msewu wafumbi, lole imodzi ikadutsa ana amene ali kumbuyo kwake amasowa m'fumbimo kwa kanthawi, ndipo galimoto lachiwiri limalowa momwemo osachepetsa liwiro. Izi sizifuna katswiri wochokera kunja kuti akuuzeni. Imani pambali pa msewu ola limodzi ana akamaweruka, mudzadzionera nokha.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda aliwonse. Malamulo athu a pamsewu amalola galimoto laling'ono kuthamanga makilomita 60 pa ola m'malo okhala anthu. Koma mu 2020 maiko atasonkhana ku Stockholm anagwirizana kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi, liwiro lisapitirire 30. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Thupi la munthu likagundidwa pa 30 nthawi zambiri limapulumuka. Likagundidwa pa 60 nthawi zambiri timakumba manda. Nanga thupi la mwana, amene mutu wake umalekeza pamene pali chitsulo cha kutsogolo kwa lole?

Kodi pa sukulu zingati za m'mbali mwa misewu yathu pamene munaika mabampu? Pa zingati pamene pali kanjira ka oyenda pansi kopatukana ndi msewu? Musandiwerengere zikwangwani. Chikwangwani sichiimitsa lole. Chimaimitsa lole ndi chitunda chimene dalaivala akudziwa kuti akachinyoza chimuthyolera masipuling'i.

Ku Dar es Salaam bungwe la Amend linachita zimenezi pa masukulu a m'madera osauka: mabampu, tinjira ta oyenda pansi, malo owolokera, geti la sukulu kulichotsa kumsewu waukulu n'kuliika kumbali. Atafufuza anapeza kuti ana ovulala pamsewu anachepa ndi 26 pa 100 alionse. Sizinali zinthu zodula. Simenti, miyala, utoto, ndi munthu mmodzi wa mu ofesi amene anavomera kuti mwana woyenda pansi nayenso ndi mwini msewu.

Tsopano sukulu, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umawawa kwambiri.

Lamulo nambala 18 la 2018 linasintha maphunziro m'dziko muno. Linati mwana aliyense aphunzire mokakamizidwa mpaka kalasi 9. Linati pulayimale izithera kalasi 6, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7, setima imene tonse tinkaidziwa ngati mapeto a pulayimale, inasamukira ku sekondale. Lamulo labwino, ndipo ndimaliyamikira. Koma lamulo lilibe miyendo. Miyendo ndi ya mwana.

Taganizani. Mwana amalowa kalasi 1 ali ndi zaka 6. Akamafika setima ali ndi zaka 12. Kale mwana ameneyu akanakhala chaka china pa sukulu ya pafupi ndi kwawo. Lero, pamene sukulu ya kwawoko sinakwezedwe kuti iziphunzitsa mpaka kalasi 9, ayenera kulondola sekondale kumene ili. Ndipo aliyense wa kuno akudziwa kuti masukulu a pulayimale ali ponseponse, pamene a sekondale ndi owerengeka, atalikirana.

Ndiye mwana wa zaka 12 ali ndi njira zitatu. Ayende mtunda umene munthu wamkulu sangayende tsiku ndi tsiku popanda kudandaula. Kapena makolo amuchitire lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, akakhale yekha kapena ndi anzake a msinkhu wake, akudziphikira, ufa ukatha osadziwa kolowera. Kapena asiye.

Ambiri amasiya. Ndipo akasiya, m'mabuku mwanu mumalemba kuti makolo a kumudzi sadziwa kufunika kwa sukulu. Mumabwera ndi zimkuzamawu kudzatiphunzitsa. Kodi bambo amene anagulitsa matumba a mbatata kuti agule yunifolomu ndi makope sadziwa kufunika kwa sukulu? Iye akudziwa. Akudziwanso kutalika kwa njira, chinthu chimene inu simunachiyezepo ndi phazi.

Kwa mtsikana njira imeneyi ili ndi mano ena. Masukulu athu amaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa, ena masana. Wa masana akamaweruka mu Juni dzuwa limakhala likulowa, pakuti kuno nyengo yozizira limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Mtunda wonse wotsalawo amauyenda mumdima, kudutsa m'minda ndi m'nkhalango za bulugama. Apo ndi pamene mota imaima pambali pake. "Kwera, ndikakutule, sulipira." Lero sakwera. Mawa sakwera. Tsiku lamvula, miyendo itatupa, m'mimba mulibe kanthu chidyereni phala la m'mawa, amakwera. Ngongole imeneyo tonse tikudziwa mmene imabwezedwera.

Mu 2019 dziko lino linakhazikitsa lamulo nambala 19 loletsa kukwatiwitsa mwana wosakwana zaka 18. Chakumapeto kwa 2018 boma linachotsa lamulo lakale la 2003 limene linkatumiza mtsikana woyembekezera ku sukulu ya usiku. Zonsezi ndi zabwino. Koma mimba zambiri za ana a sukulu siziyambira m'kalasi kapena m'nyumba ya amake. Zimayambira pakati pa malo awiriwa, panjira imene palibe ofesi imene imati ndi yake. Mumalanga mfumu imene yadalitsa ukwati wa mwana, ndipo muyenera kutero. Nanga amene anaika sukulu kutali chotere kuti mwanayo afune wom'nyamula, amulanga ndani?

Ndikudziwa zimene mundiyankhe, pakuti ndazimva kambirimbiri.

Choyamba mumati: "Ifenso tinkayenda. Tinayenda opanda nsapato, ndipo lero ndife mabwana." Inde munayenda. Koma tawerengani anzanu amene munayamba nawo kalasi 1. Ali kuti? Ndi angati amene anafika kumene mwafika inu? Nanga atsikana a m'kalasi mwanu anathera pati? Inu ndinu mmodzi amene munawoloka. Musagwiritse ntchito kuwoloka kwanu ngati umboni wakuti mtsinje sumiza.

Komanso njira imene munkayenda inu si imene akuyenda mwana wa lero. Nthawi yanu pamsewu pankadutsa ngolo ya ng'ombe ndi njinga yakapalasa, galimoto linali chinthu choti ana athamangire kukaliona. Lero mota zili mudzi uliwonse.

Ndipo anthu a kuno musatiphunzitse za kuyenda. Tinayenda usiku, ana kumsana, kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo yapachiweniweni itavuta. Tikukumbuka Chapotera, kumene pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri a Chiyezuiti, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa n'kukaphedwa. Tikudziwa njira ya mantha mmene imakhalira. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anabwerera, anamanganso. Kodi tinabwerera kuti zidzukulu zathu ziziyendabe mtima uli m'mwamba?

Pali chinthu china chimene nkhondo ija inatiphunzitsa. Itatha, magulu ochotsa mabomba okwirira anayenda m'dziko muno akufufuza nthaka pang'onopang'ono, m'tinjira ta kumunda ndi ta kumadzi, mpaka mu Seputembala 2015 Mozambique inalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Nthawi imeneyo boma ndi abwenzi ake anadziwa kuti kanjira ka phazi ndi nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo ndalama zinapezeka. Nzeru imeneyo inapita kuti?

Chachiwiri mumati: "Makolo aziperekeza ana awo." Mayi uti? Amene ali ndi wina kumsana, wina kalasi 2 m'mawa, wina kalasi 5 masana, munda ukudikira, madzi sanatunge? Akaperekeza ana kawiri patsiku, alima nthawi yanji? Ndipo akapanda kulima, mudzadya chiyani inu amene mumatitcha nkhokwe? Ngakhale ataperekeza, mayi saletsa mtsinje kudzaza, ndipo lole yothamanga siona kuti mwanayu ali ndi amake.

Kuperekeza mwana ndi mankhwala a munthu wolemera, amene ali ndi galimoto kapena wantchito. Kuuza mlimi kuti achite zomwezo ndi kumusenzetsa katundu wa boma. Mwana wa wosauka adzayendabe yekha. Ntchito yanu ndi kukonza pamene akuponda.

Chachitatu, chimene mumathawirako zonse zikakanika: "Ndalama palibe." Pamenepa ndikufunsani modekha. Kamlatho ka oyenda pansi, ka zipilala ziwiri za simenti ndi zitsulo zogwirira, kamadya ndalama zingati poyerekeza ndi galimoto limodzi la ofesi? Mabampu anayi kutsogolo kwa sukulu amadya zingati poyerekeza ndi msonkhano umodzi wa masiku atatu ku hotela? Anthu a kuno sanakanepo kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kuswa miyala. Mishoni ya Lifidzi yakhala pano zaka zoposa 100, ndipo makoma ambiri a masukulu ndi matchalitchi a m'dera lino anakwera ndi manja a anthu wamba. Chimene mudzi sungathe ndi simenti, zitsulo ndi mmisiri wodziwa kuyeza mphamvu ya madzi. Chimenecho ndicho gawo lanu.

Ndipo mphamvu ya madzi mukuidziwa. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga mlatho wa pa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo madzi a mtsinje womwewo anakokolola galimoto n'kupha mkulu wa boma la Tete amene anapita kukaona mmene zinthu zaonongekera. Dziko lonse linalira, ndipo kunali koyenera kulira. Madzi amene amadzaza Revubue amayambira kumapiri kuno, m'timitsinje tomwe ana athu amawoloka. Ngati anagonjetsa galimoto lamphamvu ndi anthu akuluakulu, mwana wolemera ngati theka la thumba la chimanga angalimbe bwanji?

Mwana akakokoloka pakamtsinje ka kumudzi, wailesi sinena. Mfumu imauzidwa, mwambo wa maliro umachitika, anthu amati chinali chifuniro cha Mulungu. Mulungu sanalembe bajeti imeneyo.

Ndiye pali njinga. Angonia ndi dziko la njinga. Imanyamula makala, nkhuni, matumba, odwala, ngakhale mbuzi. Koma pakhomo pamene pali njinga imodzi, ndi ya bambo, ndipo tsiku la msika mwana saikhudza. Mtsikana ndiye amakhala womaliza pamzere.

Ku India, m'chigawo chosauka cha Bihar, boma linayamba mu 2006 kupereka ndalama zogulira njinga kwa mtsikana aliyense wolowa kalasi 9. Akatswiri awiri a zachuma, Karthik Muralidharan ndi Nishith Prakash, atafufuza anapeza kuti atsikana olowa sekondale pa msinkhu woyenera anawonjezeka ndi 32 pa 100 alionse, ndipo phindu lalikulu linaoneka m'midzi imene ili kutali ndi sukulu. Chinanso chimene chinachitika n'chakuti atsikana anayamba kuyenda m'magulu, njinga zambiri pamodzi, ndipo gulu silivutitsidwa ngati mmene amavutitsidwira mwana mmodzi. Kwa anansi athu ku Zambia ndi ku Malawi, njinga zolimba za Buffalo zaperekedwa kwa ana a sukulu a kumidzi kwa zaka zambiri tsopano. Malire ali pafupi, tikuziona ndi maso.

Wina adzati bambo adzalanda njingayo n'kukanyamulira mbatata. Ena adzayesadi. Ndiye njingayo ilembedwe m'dzina la sukulu, mwana akapanda kufika nayo masiku angapo, komiti ya makolo ndi anyakwawa akafunse. Mudzi umene umatha kuyang'anira mjigo ndi kusonkhetsa ndalama zoukonzera sungalephere kuyang'anira njinga makumi awiri. Koma ndikuchenjezeni: kupatsa mwana njinga n'kumuponya pamsewu wopanda m'mbali, pakati pa malole, ndi kumufulumizitsa kumanda. Njinga ndi njira yake ziyendere pamodzi.

Zimene ndikupempha si zachilendo. Mphunzitsi wamkulu aliyense afunse ana ake kumene amachokera, mitsinje imene amawoloka ndi malo amene amaopa. Ana akudziwa, ndipo adzakujambulirani pansi ndi chala. Mapu amenewo afike pa desiki lanu, ndipo timilatho tiyambire pamene pamawoloka ana ambiri. Kontirakitala aliyense wokonza msewu wodutsa pa sukulu asalandire ndalama yomaliza asanaike mabampu ndi kanjira ka m'mbali. Masukulu a pulayimale a m'midzi yakutali akhale oyamba kukwezedwa kufika kalasi 9, ndi aphunzitsi ake, kuti setima ibwerere pafupi ndi mwana. Ndipo pogawa ana a m'mawa ndi a masana, wochokera kutali, makamaka mtsikana, aikidwe m'mawa. Chomalizachi sichifuna ngakhale metikali imodzi. Chimangofuna kuti wolemba mayina afunse mwana kuti, "Kwanu n'kuti?"

Nanunso mafumu athu, anyakwawa ndi akuluakulu a mipingo, mawu anu amamveka kuposa anga. Akabwera alendo a boma ndi a zipani kudzapempha mavoti, musawalandirire pabwalo losesedwa bwino lokha. Atengeni mupite nawo paulalo uja. Awoloke.

Bwana, pempho langa lija likadalipo. Febuluwale akubwera. Mukadzafika pamtsinje, mwana uja adzakuuzani kuti mugwire jumbo yake, iye atsogole, chifukwa ndi amene akudziwa pamene mtengo umaterera. Mukadzafika kutsidya, mudzamufunse kuti ndi masiku angati chaka chatha amene anabwerera pamenepa osawoloka, ndipo nambala imene adzakuuzeniyo mudzailembe m'buku lanu.